Wamasana Kapena Wausiku

Kerryn Dunstan analowa m'gulu lathu titafika kale pakati pa buku. Tinkakumana Loweruka lililonse masana m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya makeke ku Oakleigh, anthu asanu ndi awiri, mwina asanu ndi anayi kukakhala kulibe mpira. Bukulo linali la Mgiriki wina wa ku Iguputo amene ankapenda nyenyezi zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Ankatiwerengera ndi kutimasulira ndi a Lefteris Mavrogenis, mkulu amene anaphunzitsa Chigiriki chakale ku sekondale zaka makumi atatu, mpaka ana atasiya kuchifuna.

A Lefteris sankakhulupirira chilichonse cha m'bukumo, ndipo sankabisa. "Ine ndimadzera mawu ndi khofi," ankatero. "Zoti nyenyezi ya Saturn ili nanu chifukwa, zimenezo ndi zanu." Koma wina akapotoza liwu limodzi la mlembi uja kuti ligwirizane ndi maganizo ake, ankamenya tebulo ngati wawatukwanira mayi awo.

Ine ndine Denise. Ndinatha zaka makumi awiri ndikulembera anthu matchati olosera za nyenyezi za kubadwa kwawo, amakono aja ongouza munthu kuti ndi wamtima wabwino koma anthu samumvetsa. Ndinafika potopa ndi mawu anga omwe. Ndinapita kwa a Lefteris kuti ndikamve zimene oyamba ntchitoyi ankanena, ena asanathiremo shuga.

Kerryn anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Ntchito yake inali yojambula mamapu a mapaipi a madzi, ndipo chimene chinamukoka kwa ife sichinali maulosi ayi, chinali masamu. Ankakhala kumapeto kwa tebulo ndi kope lakuda, kujambula mizere yozungulira mwaukhondo kuposa tonsefe, osayankhula kwenikweni.

Loweruka lina mu Meyi tinafika pamutu wa usana ndi usiku.

"Apa mlembi akuti, usanayambe chilichonse, funsa kaye funso limodzi," anatero a Lefteris, chala chili pamzere. "Kodi munthuyu ndi wamasana kapena wausiku? Ngati dzuwa linali litatuluka pamene ankabadwa, ndi wamasana. Saturn ndi wozizira, choncho masana amafundako ndipo nkhanza zake zimachepa. Mars ndi wamoto kale, masana amalusa. Usiku zimatembenuka: Mars amazizirako, Saturn ndiye amaluma."

"Ndiye kuti Saturn ali ngati apongozi anga," anatero Graeme Tulloch, amene kale ankagawa makalata. "Masana amapereka moni bwinobwino."

"Inu a Tulloch, apongozi anuwo akuvutika m'kalasi muno kuposa akapolo a m'bukuli. Asiyeni apume."

Tinaseka. Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati aliyense anene ngati ali wamasana kapena wausiku. Tinazungulira tebulo. Graeme wausiku, ine wamasana, mpaka tinafika kwa Kerryn.

"Sindikudziwa," anatero.

"Aa, si nkhani. Ukafunse mayi ako. Amayi saiwala zimenezi."

"Amene anandilera kunalibe tsikulo."

Pansi m'sitolo makina a khofi ankafwenthera. A Lefteris anakhosomola, n'kupitiriza kuwerenga, ndipo ine sindinamve liwu lililonse mpaka tinaweruka.

Ndinamupeza pamasitepe ndi kumupepesa. Anati palibe kanthu, kenako anandigulira khofi n'kundiuza zonse titaimirira pakauntala. Anabadwa mu Juni 1966 m'chipatala china mumzinda muno, chimene chinagwetsedwa kalekale. Anamupereka kwa anthu ena ali ndi milungu itatu. Anali anthu abwino, anamukonda, ndipo mayi womulerayo anali atangomwalira chaka chatha. Mu 1991 anaitanitsa mapepala ake. Munali dzina la mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Valda, wochokera kudera la tirigu. Pamalo polemba nthawi yobadwira panali poyera.

"Ndiye sunawalembereko?"

"Envulopu ya mapepalawo ndasamuka nayo nyumba zinayi. Ndimadziwa pamene ili, basi."

Ine ndi Graeme tinafuna kumuthandiza m'njira imene tinkadziwa. Pali kachitidwe koyambira kumapeto: umatenga zazikulu zimene zinamuchitikira munthu, n'kufufuza ola limene lingagwirizane nazo. Kerryn anavomera, mwina chifukwa cha masamuwo. Anatilembera chaka chimene anakwatiwa, chaka chimene banja linatha, ngozi ya galimoto, imfa ya bambo womulera. Tinalimbana nazo milungu isanu. Ine ndinapeza kuti ndi wausiku, chifukwa Saturn ankaoneka kuti wamulanda zambiri. Graeme anapeza kuti ndi wamasana, chifukwa ngozi ija inali ya Mars yeniyeni. Aliyense anali ndi mizere ya m'buku yomuikira kumbuyo.

"Denise, iwe ukangoona munthu wosaseka umati Saturn," anatero Graeme.

"Nanga iwe? Ngakhale utapsa ndi ketulo umati Mars."

Kerryn anatisiya tikangane, kenako anatseka kope lake. "Nonse awiri mukungondibwezera zimene ndakuuzani ndekha," anatero. "Mwangozisintha zovala."

Zinali zoona. A Lefteris anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

"Mayi Dunstan," anatero, "ndikuuzeni chimene ndimaona ndikamawerenga anthu amenewa. Ali ndi masamu ambiri, ena abwino, ena amisala. Koma ola lobadwira sankalipeza kumwamba. Panali munthu m'chipindamo amene ankayang'ana kunja n'kunena kuti ndi nthawi yakuti. Zonsezi zimayambira pakamwa pa munthu ameneyo." Anavalanso magalasi. "Sindikukutumani kulikonse. Ndikungonena za buku."

Kerryn sanatchulenso nkhaniyi mpaka mu Okutobala. Tsiku lina anandiimbira foni ndili kumsika. Anati analemba kalata mu Julayi, kudzera mwa mayi wina amene ntchito yake ndi yolumikizitsa anthu oterewa, ndipo yankho lafika. Anandiwerengera lonse, chifukwa linali lalifupi: "Bwerani Lachitatu m'mawa. Amuna anga amapita kumsika wa nkhosa. Valda Pascoe."

"Undiperekeze," anatero. "Ndikafunsa funso limodzi lokha, kenako tizibwerako."

Ku Birchip ndi ulendo wa maola anayi. Anayendetsa yekha mpaka titadutsa theka, kenako anaimitsa galimoto pambali pa msewu, natuluka, n'kuima nthawi yaitali atagwira waya wa mpanda. Tirigu anali atayamba kusanduka wachikasu mbali zonse. Atabwerera anandipatsa makiyi.

"Ndiwatchule kuti chiyani?"

"Mayi Pascoe. Zinazo zidzabwera zokha, ngati zingabwere."

Nyumbayo inali yamatabwa, kumapeto kwa tauni, moyang'anana ndi nkhokwe zazitali za tirigu. Tisanagogode chitseko chinatseguka. Valda anali mayi wamfupi, wa imvi zodula, atavala epuloni. Anandiyang'ana ine kamodzi, kenako maso ake anakhazikika pa Kerryn.

"Chibwano cha bambo anga," anatero, ngati akudziyankhulira. Kenako anadzidzimuka. "Lowani, lowani, ntchentche zingalowe."

Pa tebulo la kukhitchini panali masikono okwana anthu khumi, jamu wa maapurikoti, ndi makapu atatu abwino aja osungira alendo. Tinakamba za msewu. Tinakamba za mvula, kuti chaka chino yachepa, ndi za mbewa zimene zinavuta zaka zapitazo. Valda anathira tiyi mpaka wina anasefukira m'sosala. Kerryn anadula sikono pakati, kenako anadulanso zidutswazo, osadya.

"Mayi Pascoe," anatero pomaliza, "ndabwera ndi funso limodzi."

Valda anaika tipoti pansi. Anawongola msana n'kupinda manja pa epuloni.

"Funsani. Ndakhala ndikulikonzera yankho zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi."

"Ndinabadwa nthawi yanji?"

Valda anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. "Nthawi?"

"Ola lake. Kaya kunali kutacha kapena ayi."

"Basi? Ulendo wonsewu?" Anaseka kaphwete kosamveka bwino, kenako anagwira pakamwa. Atayambanso kuyankhula ankayang'ana tebulo.

"Wotchi sindinaione. Yanga anandivula tsiku lolowa. Ankatiika ife osakwatiwafe m'chipinda chathu chathu, kumapeto kwa khonde. Ndinayamba kumva kupweteka madzulo, ndipo usiku wonse palibe anandiyankhula, kupatula kundiuza kuti ndichepetse phokoso. Ataona kuti mwayandikira, nesi wina anabwera ndi pilo n'kuigwira apa." Anaika chikhatho patsogolo pa nkhope yake. "Ankati ukamuona mwana sudzamuiwala. Ngati kuti ukapanda kumuona umaiwala.

"Ndiye ndinatembenuzira mutu kuwindo, poti ndi chokhacho chimene anandisiyira. Tsidya la msewu kunali fakitale ya njerwa, ndi chumuni yaitali. Usiku wonse chumuniyo sinkaoneka. Kenako inayamba kuoneka, yakuda. Pamene munalira, dzuwa linali litagunda kunsonga kwake kokha, kachigawo kotalika ngati mkono wangawu, kofiira kuti psuu. Pansi ponse panali pakadali mdima. Ndinayang'anitsitsa pamenepo kuti ndikhale ndi chinachake chochoka nacho."

Anapukuta mphuno ndi kona ya epuloni.

"Munalira kawiri m'chipindamo. Kachitatu munalirira m'khonde."

Kerryn anali atatulutsa kope lakuda lija. Analemba mawu awiri kapena atatu, kenako anasiya.

"Mukulemba chiyani?" anafunsa Valda.

Anayesa kufotokoza. Ananena za gulu lathu, za buku la Mgiriki, za wamasana ndi wausiku. M'khitchini muja zinkamveka zopanda mutu, ndipo ine ndinachita manyazi ndi ntchito yanga yonse. Koma Valda anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye mwabwera chifukwa cha nyenyezi?"

"Ayi," anatero Kerryn. "Kungoti funso linalo ndi lolemera. Sindikanafika nalo kuno. Ndikanabwerera panjira."

"Ndiyankhebe?"

Kerryn anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinakana kusaina zopereka mwana masiku anayi. Ankandipatsa mankhwala ogonetsa m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachisanu anabweretsa pepala, n'kundiuza kuti bambo anga ali panja, galimoto sanazimitse, ndipo ndikapanda kusaina abwerera okha. Ndinalibe kwina kopita. Ndinasaina." Anakweza maso. "Sindikuti ndilibe mlandu. Ndikungoti sindinakutaye, mwana wanga. Ndinakupatsanso dzina. Lynette. Palibe anandifunsa, ndiye ndinangolisunga."

Apa ndinadzuka n'kunena kuti ndikaone ngati ndakhoma galimoto. Ndinakhala panja ola lathunthu. Ndinasewera ndi galu wokalamba amene anali pakhonde, ndinawerenga malori a tirigu. Nthawi ina ndinamva kulira, nthawi ina kuseka, ndipo sindinadziwe kuti ndi wa ndani, chifukwa mawu awo anali ofanana.

Itakwana 2 koloko Valda anayamba kuyang'anayang'ana kumsewu. Amuna ake, a Col, sankadziwa kanthu, ngakhalenso ana awo aamuna awiri. Anatikulungira masikono onse m'kansalu kopukutira mbale.

"Kansaluko ubweze," anamuuza Kerryn. "Ndi kabwino."

Loweruka lotsatira Kerryn anauza gulu yekha, mwachidule, za windo ndi chumuni. Za pilo sananene. Graeme anayamba kaye wapita kukamugwira phewa, zimene sindinamuonepo akuchitira munthu. Koma Graeme ndi Graeme. Pasanathe mphindi zisanu anali atatenga pepala.

"Ndi wausiku," anatero. "Pepani, ndikuvomera kuti ndinalakwa poyamba. Dzuwa limayamba kugunda zinthu zazitali lisanafike pansi. Ngati pansi panali mdima, kwa munthu wogona pabedi linali lisanatuluke."

"Koma kuwala kunalipo," ndinatero ine, amene poyamba ndinkati wausiku. "Dzuwa lenileni, osati m'bandakucha. Anachita kuliona ndi maso."

"Mwasinthana mipando," anatero a Lefteris. "Ndale zenizeni."

Tinawapempha kuti aone chimene mlembi ananena. Anatsegula, nasanthula ndi chala m'tizilembo ta m'munsi mwa tsamba. Anati bukuli linatifikira kudzera m'makope awiri olembedwa pamanja, ndipo pamalo amenewa sagwirizana. Limodzi limati munthu ndi wamasana dzuwa likakhala pamwamba pa dziko. Linalo limati kukawala. Wokopera wina, zaka mazana ambiri zapitazo, anasintha liwu, ndipo palibe akudziwa kuti ndi uti.

"Inuyo mukuganiza kuti lolondola ndi liti?" ndinafunsa.

"Loyambalo. Chigiriki chake n'chabwino kuposa chinacho. Koma olemba Chigiriki chabwino amanamanso."

Kerryn anali atachita kale masamu ake kunyumba. Anapeza mapu akale a dera la chipatalacho, ndi fakitale yake. Chumuni yotalika choncho, anatero, imalandira dzuwa mphindi imodzi kapena ziwiri pansi pasanawale. Koma kum'mawa kuli mapiri, amene amachedwetsa dzuwa, ndiponso mpweya umalionetsa lisanafike penipeni. Izi zikaphatikizidwa, kusiyana kwake n'kochepa kuposa nthawi imene mwana amatenga kuti alire koyamba.

"Sizingadziwike," anatero. Sanaoneke wokhumudwa. "Mphindi zitatu uku kapena uku. Pa mapu anga a mapaipi, mzere wa pensulo ndi wonenepa kuposa pamenepo."

"Ndiye tikulembere tchati chiti?" anafunsa Graeme.

"Musandilembere. Ndinkaganiza kuti ndikufuna kudziwa amene amandizunza, Saturn kapena Mars. Ndapeza kuti panali munthu amene ankayang'ana nthawi. Zandikwanira."

Kenako a Lefteris anatiuza chinthu chimene sanatiuzepo. Anati iwo tsiku lawo lobadwa silidziwika n'komwe. Anabadwa pachilumba nthawi ya nkhondo, ndipo mayi awo ankangoti inali nyengo yothyola azitona, tsiku limene bulu wa oyandikana nawo anagwera m'chitsime. Tsiku la m'pasipoti analipeka kalaliki wa padoko.

"Ndinkawaseka mayi anga chifukwa cha bulu ameneyo," anatero. "Panopa ndikanalipira chilichonse kuti andiuzenso." Anatsegula tsamba lina. "Tiyeni. Mutu wotsatira ndi wa maulendo apanyanja, ndipo ndikuchenjezeni, aliyense amira."

Kerryn anapitanso ku Birchip mu Novembala, yekha, Lachitatu. Anabweza kansalu kaja, nabwera ndi kena. Sizinali zophweka monga anthu amaganizira. Nthawi zina ankabwerako atakwiya, osadziwa kuti wakwiyira ndani. Zinkamuwawa kufika ngati wakuba n'kuchoka 2 koloko isanakwane. Valda ankalonjeza kuti auza amuna ake Khirisimasi ikapita, kenako anati akamaliza kukolola.

Ulendo wachinayi unali mu Febuluwale, tsiku lotentha kwambiri. Anandiimbira madzulo ali panjira yobwerera, ataima pamalo omwetsera mafuta.

"Denise, wakhala pansi?"

"Ndili kukhitchini. Chachitika n'chiyani?"

Anati atafika anapeza galimoto ya a Col ili pabwalo. Msika wa nkhosa anauimitsa chifukwa cha kutentha, ndipo Valda analephera kumuchenjeza. Anafuna kungodutsa, koma mkuluyo anali ataima kale pageti, munthu wamtali wowerama, nkhope yopsa ndi dzuwa. Valda anali pakhomo kumbuyo kwake, atayera ngati pepala. Kerryn anatsika, akukonza bodza loti wasochera.

A Col anavula chipewa. "Ndiwe Lynette?"

Valda anagwira chitseko. "Col, iwe dzina limenelo walimva kuti?"

"Kwa iwe. Umalitchula kutulo, Juni aliyense, chikwatirane." Mkuluyo ankazunguza chipewa m'manja. "Mchimwene wako anandiuza tisanakwatirane, kuti ndidziwiretu. Ndinamuuza kuti si nkhani yake. Ndinkadikira kuti undiuze wekha, Val. Ndinkati ndikayamba ine, uziona ngati ndikukuzenga mlandu. Kenako zaka zinachuluka, ndinasowa poyambira."

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu," anatero Valda. "Chitsiru cha munthu."

"Tonse awiri," anayankha a Col.

Pa foni Kerryn ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo ndinkamva malori akudutsa kumbuyo kwake. Ndinamufunsa za ana aamuna aja. Anati wamng'ono amuuza sabata ino. Wamkulu ndi wouma mutu, a Col akuti amusiyire iwo, mwina zitenga nthawi, mwinanso sizitheka.

"Nanga iwe a Col anakuuza chiyani, atatha zonsezo?"

"Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anati, 'Chotsa galimoto yako pansi pa bulugamapo, mwanawe. Kukatentha chonchi nthambi zimagwa zokha. Kaiike kuseri, pamthunzi wa shedi, pafupi ndi yanga.'"